Masokosi a Mwiche

Mwiche ankakhala ku Kalingalinga. Anali mu giredi 3. Ankafunitsitsa kuti Madamu Chisenga akondwere naye.

Lolemba, Madamu anabweza makope a masamu. Mwiche anakhoza atatu pa khumi. Pansi pake panali mawu ofiira: "Pull up your socks!"

Mwiche ankadziwa Chingerezi pang'ono. Mawuwo ankati akoke masokosi. Anayang'ana pansi. Masokosi ake anali atagwera pa akakolo. Anali akale, otha mphira. Mwiche anachita manyazi kwambiri.

Anakoka masokosi. Anagwa. Anakokanso. Anagwanso. Masokosi amwano bwanji!

Lachiwiri, anawamanga ndi mphira. Mphira inaluma miyendo. Mwiche sanadandaule. Anayenda ngati msilikali mpaka kusukulu.

Koma masamu anakhoza atatu omwewo. Mawu ofiira aja anabweranso.

"Iyayi! Lelo nizaziba," anatero Mwiche.

Poweruka, anapita kwa amalume ake a Benard. Iwo ankawotcherera mageti m'mbali mwa msewu.

"Ba malume, onani. Ba Madamu bazonda masokosi yanga?"

Amalume anawerenga. Anaseka mpaka misozi.

"Iwe Mwiche! Sibakamba va masokosi. Ni makambidwe chabe ya Chizungu. Bakamba ati limbikira."

"Manje bakalipa?"

"Ona apa."

Amalume analoza ndi chala chawo chakuda. Pafupi ndi mawuwo panali kankhope komwetulira. Manyazi aja anali atamuphimba maso Mwiche. Sanakaone n'komwe!

"Munthu okalipa sajambula ivi," anatero amalume. "Baziba ati ungakwanise."

Mtima wa Mwiche unakhala pansi. Anamasula mphira ija. Miyendo inapuma.

Amalume anamupatsa tizitsulo totsala kuti aziphunzirira masamu. Mwiche anakhala pa njerwa. Anawonkhetsa tizitsulo. Anachotsera tizitsulo. Analakwitsa. Anayambanso. Analakwitsanso. Anayambanso.

Lachitatu anachita chimodzimodzi. Lachinayi chimodzimodzinso.

Lachisanu, Madamu anabweza makope. Mwiche anatsegula lake pang'onopang'ono. Asanu ndi anayi pa khumi! Pansi pake panali tinkhope tiwiri tomwetulira.

Mwiche anathamanga mpaka pa mageti paja. Anafika ali wefuwefu.

"Ba malume! Ba malume! Nakoka masokosi!"

Amalume anayang'ana kope. Kenako anayang'ana miyendo ya Mwiche. Masokosi anali pa akakolo pomwepo.

"Eya," anatero amalume, akumunyamula m'mwamba. "Wayakoka mpaka kumutu!"