Chikho Chimene Garrett Sakanakana

Anakumana pa siteji ya basi ku Tacoma, mvula ikuwaza. Yesenia anali atadzipenta nkhope, diso lachitatu atalimata pamphumi ngati Azoruni, zolengedwa za kudziko lina za mu kanema amene achinyamata onse ankapenga naye. M'manja anafumbata botolo la chakumwa chabuluu.

"Achemwali, si chija amamwa Azoruni akapambana nkhondo chimenecho?" anafunsa Garrett, mnyamata wamtali amene anaima pambali pake.

"Mu kanema amangomwa madzi othira utoto. Changachi n'chenicheni, ndapanga ndekha."

Garrett analawa, n'kutsinzina.

"Mayo ine! Mukandimana nambala yanu, ndigona pamsewupa basi indiponde!"

Yesenia anaseka mpaka diso lachitatu lija linamatuka.

Chibwenzi chinayaka ngati moto wolusa. M'mawa uliwonse foni inkalira: "Wadzuka bwanji nyenyezi yanga? Popanda iwe, ine ndine mlendo padziko lino."

Loweruka ankakhalira kukhitchini. Yesenia anamuphunzitsa zonse zimene anazivutikira yekha miyezi yambiri: kuwiritsa maluwa abuluu ngati tiyi, kuthiramo madzi a kokonati, jinja ndi uchi. Anamuonetsanso kaphikidwe ka mabisiketi a maso atatu. Akanabisiranji munthu wapamtima?

"Ku mpikisano wa zakudya za Azoruni ku Seattle tidzapitira limodzi," Garrett analonjeza akumupukuta ufa patsaya. "Ndidzakugwadira n'kukuveka mphete anthu onse akuona."

Koma tsiku la mpikisano litakwana, kunabwera uthenga: "Bebi, amayi adwala ku Spokane. Pita wekha, mtima wanga uli nawe."

Yesenia anamumvera chisoni. Anavala chigoba cha msilikali wa Azoruni chophimba nkhope yonse, n'kunyamuka ndi katundu wake.

Atalowa mu holo ya mpikisano, anamwaza maso.

Patebulo lina panali chakumwa chabuluu. Panalinso mabisiketi a maso atatu. Chikwangwani chinkati "Chikondi cha Brielle". Kuseri kwa tebulolo kunali Garrett, atagwira m'chiuno mtsikana wa mphete yonyezimira pachala!

"Chakumwachi ndinachita kuchilota," ankauza oweruza a mpikisano. "Ndinali nditatsamira paphewa pa Brielle wangayu."

Kulota? Nanga zala zija Yesenia anapsa pophika? Nanga kugwada kuja? Misozi inatsika mkati mwa chigoba, palibe amene anaiona. Kenaka inaphwa, mtima n'kusanduka mwala.

Anapita kwa mayi wina wogulitsa zakudya pakhomo.

"Mayi, ndipatseni tsabola wanu wolusa kuposa yense."

"Mwana wanga, ameneyu timangodontheza kamodzi."

"Ndipatseni botolo lonse. Ndi kapaketi ka mkaka wozizira."

Pa mwambo wa Azoruni, umene okonda kanemayu sauphwanya, mwamuna wotomera mkazi sakana chikho chimene mlendo wamupatsa. Woyendetsa mwambo ataitanira Garrett ndi Brielle kutsogolo kuti awayamikire, msilikali wa chigoba anakwera nawo, atanyamula chikho chakuda ndi manja awiri.

"Imwa! Imwa! Imwa!" holo yonse inakuwa.

Garrett anakweza chikho monyada, n'kugugudiza chonse.

Kenaka maso anatong'oka, makutu anafiira, thukuta n'kuchita kamtsinje. Anagwada pansi akutsokomola, mamina ndi misozi zikutsikira pamodzi.

Yesenia anavula chigoba.

"Amayi ako akupeza bwanji ku Spokane, wokondedwa?"

"Garrett, ameneyu ndani?" anafunsa Brielle.

Yesenia anapatsira Brielle foni yake. "Werenga wekha, mchemwali. Sindikulimbana ndi iwe."

Brielle anawerenga mauthenga aja.

"Nyenyezi yanga? Ngakhale uthenga wa Lachitatu ndi womwewu, sunasinthe n'chilembo chomwe! Unkangotumiza kuwiri, galu iwe?"

Anavula mphete, n'kuiponya m'mbale ya chakumwa chabuluu. Inamira anthu akuwomba m'manja.

Mmodzi wa oweruza anayandikira. "Mayi, zimene mwachitazi n'zosaloledwa. Mwachotsedwa mu mpikisano."

"Palibe kanthu, bambo. Zimene ndimafuna ndazipeza."

Alonda awiri anali akubwera kudzamutulutsa. Garrett anakwawa, n'kumugwira mwendo.

"Yesenia... chonde... pakhosi... ndikufa!"

Yesenia anamuyang'ana. Nkhope imeneyi si ija ankailota? Mtima unamupweteka, inde, unamupweteka zedi. Anapisa dzanja m'thumba, n'kutulutsa kapaketi ka mkaka wozizira. Maso a Garrett anawala, anatambasula manja onse awiri.

Yesenia anatsegula bwinobwino, osapupuluma. Anamwa yekha mpaka dontho lomaliza, n'kumuikira m'manja paketi yopanda kanthu.