Nyemba Zosafumbwa za Gideoni

Gideoni ankagulitsa nyemba pamsika wa Nsaru, koma kasitomala wake wokhulupirika anali nankafumbwe, amene amadya osalipira. Anzake anagula njinga zamoto, iye nsapato zikuonetsa zala. Kaduka katamukwana, anapita ku Kabudula kwa a Lazaro, sing'anga amene kale ankapopera fodya kuesiteti.

"Chuma chilipo," anatero a Lazaro, akumupatsa botolo la ufa wotuwa, wonunkha ngati mankhwala ophera mbozi. "Muziwaza m'thumba lililonse."

"Nanga ndilipira zingati, bambo?"

"Ndalama sungani. Lamulo ndi ili: wofuna kugula musamukanize, ndipo musamuchenjeze. Tsiku lomwe mudzatsegule pakamwa, mutu wanuwo ndi wanga."

Gideoni anaseka. Kodi wamalonda ndani anakanizapo kasitomala?

Nyemba zinaleka kufumbwa. Ntchentche zinkazilambalala, koma anthu, amene timati ndi anzeru kuposa ntchentche, ankachita kulimbirana. Gideoni anagula njinga yamoto. Kuchipatala kunayamba kudzaza osanza, otsegula m'mimba, ena manja akunjenjemera. Iye ndiwo zapakhomo ankakagula ku Kasiya, osauza munthu chifukwa chake.

Kenako chinafika chinkhoswe cha mwana wake Hilda. Apongozi a Gideoni, agogo ake aakazi a Hilda, anatulukira pamsika ndi ndowa ziwiri.

"Bambo a Hilda, tidzazireni. Alendo adye zakwathu."

"Za anzanga a Aubrey apo nazonso n'zabwino, amayi."

"Zofumbwazo? Mukufuna akuchimuna atiseke?"

"Zangazi zakwera mtengo. Kawiri."

"Kwezani katatu. Mdzukulu wanga adye za eni, bambo ake ali ndi zonyezimira chonchi, eti?"

Kukana kunalibe, kunena kunalibe. Anadzaza ndowazo.

Tsiku la chinkhoswe anamukhazika pampando waulemu. Anaona mbale zikuyenda. Ankayeza mutu wake ndi moyo wa mwana, ndipo monga wamalonda aliyense, anachedwa poyeza. Mmene amakuwa kuti, "Musadye!" Hilda anali atadya kale, akusamba m'manja.

Alendo khumi anagonekedwa kuchipatala. Hilda sanafikeko: anatsirizika panjira, panjinga yamoto yomwe ija.

Lero Gideoni amazungulira msika wa Nsaru wopanda malaya, akulanda anthu mbale n'kukhuthulira pansi. Akamumenya, amathokoza.

Dyera n'loipa, abale. Poizoni amene wathira m'mbale ya mnzako sasochera, amaidziwa njira yakwanu.