Lonjezo Lopetedwa Pakampango

Anakumana pa siteji ya basi mvula ikuwaza. Kasingano, mtsikana wosoka zovala yemwe ankaimbanso kwaya, anali atafungatira nsalu ya kasitomala kuti isanyowe. Kalaliki wina wa tayi anamufunditsa ambulera.

"Chemwali, nsaluyo mwaipulumutsa. Nanga inuyo akupulumutseni ndani?"

Kasingano anaseka, napereka nambala.

Kuyambira tsikulo mauthenga ankagwa ngati mana m'chipululu. "Duwa langa, ndisanakuone ndinali nyumba yopanda zenera." Wina unati: "Ukadzakalamba ndidzawerenga imvi zako imodziimodzi, iliyonse ndidzaipatsa dzina."

Ndi mtima uti ukanalimba? Kasingano anagwada nathokoza Mulungu. Anauza mayi ake kuti ukwati wapezeka, anauzanso akwaya onse. Mawu a imvi aja anawapeta ndi ulusi wofiira pakampango koyera, masiku atatu osapita kokadya masana. Atamaliza anakapachika pamwamba pa makina ake kuti aliyense aone.

Lachisanu kunabwera mayi wina kudzayesa diresi. Anawerenga kampangoko mokweza, naomba m'manja.

"Eee! Nanunso munaliwerenga buku lija? Ine pamenepa ndinalira!"

"Buku liti, mayi?"

"Lachikondi latchuka lija, mwanawe! Mawuwatu ali koyambirira kwenikweni."

Anzake awiri osoka nawo anayang'ana pansi.

"Munkadziwa?" anafunsa Kasingano.

"Tonse tinaliwerenga," anatero wamkulu mwa awiriwo motsitsa. "Koma tikanakuuza bwanji, mng'ono wanga, iwe ukuwala chonchi?"

Manyazi anamugwira mpaka kuzala zakumapazi. Analibwereka bukulo, nakhala nalo pakhonde Loweruka lonse. Kodi buku loyamikiridwa lija ndi limeneli? Anthu a m'bukumo ankangolira ndi kukomoka, chikondi cha pakamwa chokhachokha! Ndipo mauthenga ake onse anali momwemo, motsatana, tsamba ndi tsamba. Ngakhale uja wopepesa chifukwa chochedwa!

"Ambuye, nyumba yanga ndamanga pamchenga," ananong'ona.

Lamulungu atatuluka m'tchalitchi anamupeza kalaliki uja pageti, tayi ili pakhosi.

"Duwa langa..."

"Tsamba lachitatu," anamudula. "Achimwene, tandiuzani mawu anuanu. Amodzi okha basi."

Kalaliki anakanda m'mutu, nayang'ana nsapato zake.

"Aa... wavala bwino lero."

"Ndi yunifolomu ya kwaya. Tavala anthu makumi atatu."

"Iwenso, ndiye cholakwika n'chiyani? Bukulo aliyense akuliyamikira! Ngakhale enawo sanadandaulepo."

"Enawo?"

Kalaliki anagwira pakamwa, koma madzi anali atatayika kale.

"Munalimaliza bukulo?" anafunsa Kasingano, misozi ikulengeza.

"Ndinalekezera pakati."

"Mukalimalize. Mwamunayo akutsala yekha."

Anatembenuka osadikira yankho. Koma kuthawira kuti? Patsogolo pake panali amayi abusa, manja atatambasula, akwaya ali pambuyo akumwetulira.

"Mkwatibwi wathu uyo! Alamu athu ndi amenewa? Tabwera nawo tiwalonjere!"

Kasingano anaweramitsa mutu. Kunama pakhomo la tchalitchi sakanatha.

"Amayi, pepani," anatero chapansipansi. "Nyimbo ya ukwati mwayamba kuphunzitsa ija, ilekeni kaye. Ndinafulumira ndine."