Filimu Yojambulidwa m'Chigafa

Faustina anakumana ndi Raymond pa siteji ya minibasi pa Santhe, mvula itawapanikiza pakhonde la golosale. Mnyamatayo anamufunditsa jekete, n'kupempha nambala ya foni. Pakamwa pake panali potsekemera, ndipo Faustina, mwana wa eni, sanachedwe kukopeka.

"Duwa langa, tikangogulitsa fodya, ankhoswe anga akufika kwanu," ankatero Raymond.

Mavuto anayamba achinyamata a m'deralo ataganiza zojambula filimu yachikondi. Anasankha Raymond kuti akhale wofunsira, ndipo wofunsiridwayo anali Consolata, namwali wa mano a mpata, wophunzira kusekondale ya ku Nkhamenya. Faustina atamva, nsanje inamugwira.

"Ndiye uzikamugwira dzanja?"

"Ndi sewero chabe, bebi."

"Ngati ndi sewero, bwanji osakasewera ndi azakhali ako?"

Kojambulako Faustina sakanatha kupitako. Fodya anali atakhwima kumunda, ndipo bambo ake sankafuna kumva za mafilimu. Koma wansanje sasowa nzeru! Anatuma Tawonga, mnzake wa ponda apa nane m'pondepo, kuti azikamuonera. Mwamwayi Tawonga anapatsidwanso kambali kakang'ono, kosoka fodya m'chigafa, kopanda mawu.

Mameseji ankabwera tsiku ndi tsiku.

"Lero wamugwira dzanja, koma nkhope ili gwa. Usadandaule mnzanga, ndili naye maso," ankalemba Tawonga.

"Wapamtima, Consolata sangafike ngakhale pachidendene pako," ankalemba Raymond.

Komabe mtima wa Faustina sunkakhazikika. Nanga munthu angauze mkazi kuti amamukonda mwezi wathunthu, mtima osatsatirako?

Filimu ija anaionetsa tsiku la msika masana, m'nyumba ya vidiyo. Munadzaza mosowa poponda. Osewera anakhala pabenchi yakutsogolo, Faustina anadzipanikiza pakati, pafupi ndi mayi wina wogulitsa tomato.

Pakanema, Raymond anagwada pamaso pa Consolata pakati pa mizere ya fodya.

"Ndimakukonda kuposa moyo wanga," anatero, ngati akuwerenga malangizo a pathumba la feteleza.

Nyumba yonse inafa ndi phwete.

"Bodza! Akuyang'ana kamera uyo!"

"Mtsikanayonso akuopa kudetsa diresi!"

Faustina anaseka kuposa onse, mpaka misozi. Filimu yoipa inali isanamukomerepo chonchi! Mumtima anadzidzudzula kuti anamuganizira zoipa mwamuna wake popanda chifukwa.

Kenako chithunzi chinalowa m'chigafa. Kutsogolo, Consolata ankalira misozi yochita kufinya. Kumbuyo kwake, chakumbali, Raymond anali atakhala pachitsa kudikira nthawi yake, akuganiza kuti kamera sikumufika. Pambali pake panali Tawonga, akusoka fodya, uku akudya chimanga chootcha.

Raymond anatambasula dzanja, n'kumuchotsa kachidutswa ka tsamba m'tsitsi. Tawonga sanadzidzimuke, sanacheuke n'komwe. Anangokweza chimanga chija, Raymond n'kuluma pomwe mtsikanayo analuma. Kenako Tawonga anamupukuta pakamwa ndi nsonga ya chitenje chake.

Sanalankhulane ngakhale liwu limodzi, koma phokoso lonse m'nyumbamo linatha. Palibe ankamuonanso Consolata.

 Faustina anayang'ana benchi yakutsogolo. Raymond anali atazyolika, Tawonga ataphimba nkhope ndi manja. Mwezi wonse uja iye ankachitira nsanje munthu wosalakwa!

Mayi wa tomato uja anamugunda ndi chigongono.

"Ehee! Chikondi ndi icho chili kumbuyocho, osati zonama zakutsogolozi. Awa sanayambe lero awa. Kodi ukuwadziwa, mwana wanga?"

Faustina anayankha, misozi ili chuchuchu.

"Ndikuwadziwa, mayi. Mwamunayo ndi wanga. Mtsikanayo ndinamutumako ndine."