Achari wa Lachiwiri

Sitima inakocheza padoko la Durban Lachitatu 7 koloko m'mawa, ndipo pomakwana 7:30 Kaputeni Dayalan Moonsamy wa kupolisi anali ataima m'chipinda nambala 9114. Madilowa onse anali otsegula, zovala zili mbwee pansi. Munthu amene anafera muno anafa akufunafuna chinthu.

"Dzina lake Rajen Kisten, zaka 46," anatero dokotala wa m'sitimamo. "Nkhanu zinkamuwenga. Dzulo anadzuka patebulo cha m'ma 6:40 madzulo pakhosi pakumuyabwa, akuti akukatenga jakisoni wake. Mkazi wake anamupeza apa 7:10 atatupa khosi, mpweya utatha. Jakisoniyo sitinamuone."

"Mkazi wake ndani?"

"Vanitha."

Moonsamy anasiya kulemba. Dzinalo ankalidziwa. Zaka zisanu zapitazo Vanitha anabwera kupolisi diso litatupa, kudzasumira mwamuna wake. Asanamalize kufotokoza, mayi ake anatulukira n'kumukoka dzanja, ati zam'banja zimathera m'banja. Moonsamy anali ndi milandu ina yomudikira, choncho anawalola kupita. Chinthucho chinkamudyabe mumtima.

Banja lonse analisonkhanitsa m'chipinda chodyera. Anali anthu khumi ndi asanu ndi atatu tsopano, onse m'malaya achikasu olembedwa kuti Amma Kanthamma Perumal akwanitsa zaka 70. Malaya achisangalalo pamaliro amaoneka mochititsa manyazi. Amma, mayi ake a Vanitha, anakhala kumutu kwa tebulo, manja ali pamiyendo.

Mchimwene wa malemuyo sanadikire kufunsidwa. "Bwana, musataye nthawi. Jakisoni ankasunga ndi mlamu wangayu. Ukwati anali atatopa nawo, aliyense pano akudziwa."

Nthawi ya 8:15, m'kachipinda ka alonda, Vanitha anavomera zonse. Jakisoni ankakhaladi mudilowa lake. Rajen ankamumenyadi, ndipo Lolemba anamupotokola mkono pakhonde la sitima, achibale akuyang'ana kunyanja ngati sakuona.

"Ndiye jakisoniyo ali kuti, mayi?"

"Sindikudziwa. Mundimanga?"

Wapolisi wothandizana ndi Moonsamy anali atalemba kale dzina la Vanitha pachikalata chomumangira. Sitima inkayenera kukweza anthu ena masana, ndipo akuluakulu ankafuna munthu mmodzi m'galimoto ya polisi isanakwane 12 koloko.

Kukhitchini sanapezeko kanthu. Chakudya cha Rajen ankachiphika pachokha, mumphika wakewake, ndipo dzulo anadya nkhuku ndi mpunga. Anaitana wetala wa tebulolo, bambo wa ku Madagascar dzina lake Tahiry.

"Panali chakudya china chosachokera kukhitchini kwanu?"

Tahiry anakanda kumutu. "Si zololedwa, bwana, koma timangotsinzina. Agogo aja anabwera ndi botolo la achari wa mango. Ati zakudya zathu n'zakuchipatala."

"Onse ankadya?"

"Masiku atatu oyamba botolo linkazungulira tebulo lonse, agogowo ndi amene ankatapa kwambiri. Dzulo analigwira okha, n'kumagawira ndi supuni."

"Anagawira ndani?"

"Amene ankadya nyama. Asanu anaitanitsa zamasamba zokhazokha, amenewo sanawapatse. Mayi Vanitha anatambasula dzanja, agogowo n'kuwamenya pachala. Tonse tinaseka."

Moonsamy anakumbukira kuti dzulo lake linali Lachiwiri, tsiku losala. Mayi ake omubereka ankasala nyama ndi nsomba Lachiwiri lililonse mpaka tsiku limene anamwalira, ndipo tsiku limenelo ndi limene achari ankatha msanga, chifukwa ndi amene ankatsitsa mpunga wa nyemba. Mango, tsabola, mchere ndi mafuta, palibe choletsedwa. Mayi wosala sangamane mwana wake achari Lachiwiri, pokhapokha akudziwa china chimene chili m'botolo.

Nthawi ya 9:40 anaitana Amma. Analowa pang'onopang'ono, n'kukana mpando wofewa.

"Anti, dzulo munasala?"

"Ndasala Lachiwiri kuyambira ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri. Panyanja Mulungu saona?"

"Achari wanu simunadye."

"M'mimba munandivuta."

"Vanitha nayenso munamuvuta m'mimba? Nanga atatu enawo?"

Amma anamuyang'ana m'maso. "Iwe ndiwe mwana wa kwa Moonsamy, eti? Mayi ako anakulera bwino. Wapolisi wina sakanafunsa zimenezo."

"Mwana wanu akukwera galimoto ya polisi 12 koloko, Anti. Ine sindingaletse ngati palibe chimene mungandiuze."

"Vanitha sakudziwa kanthu." Amma anapitiriza. "Nkhanu zouma ndinasinja kwathu, ndinabwera nazo m'kachitini ka mankhwala. Ndinkati mwina sindizigwiritsa ntchito. Ndinkati tikadya patebulo limodzi masiku anayi, pamaso pa azibale ake, Rajen achita manyazi. Lolemba ndinaona zimene anachita pakhonde paja. Anthu onsewo, amene ndawadyetsa ndi manja angawa, panalibe anatsegula pakamwa. Patebulo iye n'kumaseka, akuti, 'Amma, thiraniko wina, achari wanu alibe mnzake.' Dzulo masana ndinathira nkhanuzo m'botolo. Jakisoni ndinamutenga Vanitha akusamba, ali pansi pa nyanja limodzi ndi botololo."

"Mukanagawira onse, palibe akanazindikira."

"Ndidyetse mwana wanga nkhanu Lachiwiri?" Amma anadabwa zenizeni, ngati wafunsa zamisala. Kenako anamva okha zimene ananenazo, ndipo nkhope yawo inagwa. "Ona ukalamba wanga. Kusala ndasunga, munthu ndapha. Adzukulu anga ndawalanda bambo, woipa yemweyo anali bambo wawo."

Moonsamy analemba zonse, nawawerengera, iwo n'kusaina. Chisoni chinamugwira, ndipo sichinali cha Amma okha. Madzi akatayika saoleka, koma madzi awa iye anawaona akudontha zaka zisanu zapitazo.

"Ndimakukumbuka," anatero Amma akuimirira. "Tsiku lija ndinamukoka Vanitha kumutulutsa muofesi mwako, ndinkaopa zonena za anthu kukachisi. Ndikanamusiya amalize kulankhula, bwenzi Rajen ali moyo, mwina kundende, mwina kwa mkazi wina. Ndinkayembekeza kuti undiletsa, ukudziwa? Ndinayenda pang'onopang'ono dala."

"Sindinakuletseni, Anti."

"Ayi. Unatitsegulira chitseko. Unali mwana waulemu."

Panja, Vanitha anali atakhala pabenchi, chikwama chili pamiyendo, akudikira kumangidwa. Moonsamy anang'amba chikalata chimene chinali ndi dzina lake. Kenako anapita patsogolo, n'kuwatsegulira Amma chitseko kachiwiri.