Ng'ombe Yometedwa ya Amake Mapasa

Chitsulo chitafiira pamoto, Sikelo anachikanikiza pamutu pa ng'ombe, pamalo pamene pamamera nyanga. Ng'ombeyo inalira mpaka kugwedeza mitengo ya khola. Anakanikizanso mbali inayo. Kenako anatenga makina ometera n'kuyamba kuchotsa ubweya, kuyambira pakhosi mpaka kumchira. Linali Lamlungu m'mawa, antchito onse atawapatsa tchuthi.

Ankamutcha Sikelo chifukwa akangoyang'ana ng'ombe, kulemera kwake anali atakudziwa kale. Malonda a ng'ombe anakuliramo. M'khola mwake munali misoti iwiri yakuda, yonse ya lamba woyera wozungulira pamimba, yonse ili ndi bere. Ukaiona patali unkati ndi ya mayi mmodzi, koma inali mitundu iwiri. Wina unali wa nyama: miyendo yaifupi, ubweya wambiri wopotana, wobadwa wopanda nyanga, ndipo mkaka wake umangokwanira mwana wake basi. Winawo unali wa mkaka: wamtali, wosalala, ndi zipsera ziwiri pamene anawotcha nyanga ukadali waung'ono.

Wa mkakawo sunali wake. Amene anaugula ndi mng'ono wake, ndipo anausungitsa kwa iye pamene ankamanga khola lakelake. Kholalo asanalifolere, ngozi ya pamsewu inamutenga. Anasiya mkazi ndi mapasa a sukulu ya mkaka, ndipo mkaziyo ng'ombeyo anali atangoiona pa chithunzi cha pafoni.

Sikelo sanali pa mavuto ayi, tisamunamizire. Mwini famu ina ya mkaka anatchula mtengo wabwino, dzanja linamuyabwa, basi. Lole inabwera n'kutenga msoti wa malemu. Zilonda za winawo zitapola, Sikelo anausintha nambala ya kukhutu n'kukautula kwa mlamu wake.

Amake mapasa anaisisita pa lamba woyerayo, misozi ili mbwembwembwe.

"Ndi yomweyi, alamu. Malemu ankati ikadzaswa, anawa sadzasowa kanthu. Mulungu akudalitseni potisungira."

Sikelo anangoyang'ana nsapato zake.

Vuto la ubweya ndi lakuti umamera. Nyengo yozizira itayamba, ng'ombe ija inayamba kutuwa ndi kupotana m'khosi. Sikelo anayamba kufika Loweruka lililonse, makina ometera ali m'chikwama, maswiti a mapasa ali m'thumba.

"Mtundu umenewu umafuna kumeta pafupipafupi, kuopa nkhupakupa," anatero.

Mapasa akamva njinga yake yamoto ankathamangira kugeti akukuwa kuti bambo aakulu abwera. Amake ankamuikira mpando pakhonde, n'kumauza aneba kuti pa abale onse a malemu, amene sanawataye ndi mmodzi yekha. Mawu amenewo ankamuwotcha Sikelo kuposa kutukwanidwa. Kangapo konse anatsegula pakamwa kuti aulule, koma ankangopempha madzi akumwa.

Ng'ombe inaswa Lachinayi masana. Amake mapasa anali atagula kale zidebe zatsopano, atalonjezanso shopu ya pakona ndi nyumba za m'mbali mwa msewu kuti azidzawabweretsera mkaka. Atakama m'mawa mwake, mkaka unangophimba pansi pa ndowa. Mawa lake chimodzimodzi. Anawonjezera madeya, anagula mchere, anagulitsa makina osokera kuti apeze chakudya chabwino cha ng'ombe. Sizinasinthe.

"Ndine wolephera ine, alamu," anatero Loweruka lotsatira, atakhala pa ndowa yovundikira. "Mwamuna wanga anandisiyira ng'ombe yabwino, ine ndaiononga. Manja angawa ndi atsoka."

"Musatero. Yoyamba kuswa imatero."

Anameta ng'ombeyo mofulumira. Koma pakona pa khola panaima kamwana kake, kakuda, ka lamba woyera, ubweya wopotana ngati bulangete. Sikelo anakayang'ana, makina ali m'manja, ndipo anadziwa kuti palibe bodza limene lingamulole kumeta mwana wongobadwa kumene.

Lolemba, amake mapasa anaitana dokotala wa ziweto kuti adzaone chimene akulakwitsa. Dokotalayo anagwira mawere, anayang'ana miyendo, kenako anagwada n'kupapasa pamutu pa kamwana kaja.

"Mayi, kalibe tinyanga aka. Ndipo ubweyawu mwauona?"

"Ndimati ndi wa ukhanda."

Dokotala anabwerera kwa ng'ombe yaikuluyo n'kukanikiza chala pa zipsera zija.

"Apa sipanamerepo nyanga chibadwire. Wina anangowotcha chikopa. Iyi ndi ng'ombe ya nyama, mayi. Ngakhale mutaidyetsa chiyani, siingadzaze ndowa. Amaimeta ndani?"

"Ndi alamu anga," anatero amake mapasa. M'mawa mwake anakanena kupolisi.

Kupolisi nkhaniyo anaitenga Sajeni, mayi wamfupi wosakonda kubwereza funso. Anapempha chithunzi cha pafoni ya malemu, n'kuchikulitsa ndi zala. Lamba wa ng'ombe ya pachithunzi anali wopapatiza pamsana. Wa ya m'khola anali wotakata ngati thaulo. Sajeni anapita ku msika wa ng'ombe, kumene madalaivala a malole amadikirira katundu, n'kuyamba kuonetsa chithunzicho.

"Imeneyi ndinanyamula ine," anatero dalaivala wina. "Kuchokera kwa Sikelo, kupita ku famu ya kuseri kwa njanji. Ng'ombe ya lamba siiwalika, bwana."

Ku famuko anaipeza ili pamzere wokamira, mawere atadzaza mkaka, lamba wopapatiza pamsana. Mwini famu anakweza manja.

"Ndinagula poyera ine. Anati ndi yake."

Loweruka m'mawa Sikelo anakwera njinga yake monga mwa nthawi zonse. Anali atamva kale kuti apolisi anafunsa za iye ku msika. Akanatha kukhotera msewu waukulu n'kusowa. Pamphambano anaima, injini ikulira, kenako anakhotera kwa mlamu wake. Anali atatopa.

Mapasa sanathamangire kugeti. Pakhonde panalibe mpando. Pakhomo la khola panaima Sajeni ndi wapolisi mnzake.

"M'chikwamamo muli chiyani, bambo?"

"Makina ometera."

"Ometera chiyani?"

Sikelo anayang'ana ng'ombe ija. Ubweya unali utayambanso kupotana m'khosi.

"Ndinaisintha ndine," anatero. "Ya mng'ono wanga ndinagulitsa. Chitsulo ndinawotchera chili kuseri kwa khola langa."

Unyolo unalira m'manja mwake. Amake mapasa anatuluka m'nyumba, maso ali ofiira koma ouma. Sikelo anafuna kugwada, wapolisi anamugwira pamkono.

"Alamu, ndikhululukireni."

"Ng'ombe ibwera, a Sajeni andiuza," anatero mayiyo motsitsa mawu. "Imeneyo sindikudandaula. Koma ndinalira pamaso panu kuti manja anga ndi atsoka, inu muli phee, mukumeta."

Sikelo anaweramitsa mutu. Pawindo, mapasa anali atakanikiza mphuno pagalasi. Mmodzi anakweza dzanja kumubayibitsa, poti sankadziwa kanthu.

"Ndiwauze chiyani anawa?" anafunsa amake. "Ife timati Loweruka lililonse mumabwera kudzationa. Kani mumabwera kudzameta ng'ombe."

Sajeni anatola chikwama cha makina chija, n'kutsegula chitseko cha galimoto.