Mkulu Wodziwa Misewu ya Limerick

Estele anachoka pa Chitakale dzuwa litalowa kale. Akabaza onse anali atathawa chiperoni, ndipo kukafika kumakomboni a esiteti kumene ankakhala unali ulendo wa ola lathunthu. Miyendo yake inali itaima m'mizere ya tiyi kuyambira mbandakucha. Anamanga chitenje kumutu n'kuuyamba.

Chinamuchedwetsa ndi foni. Mwana wake Angella, amene ankasamalira okalamba ku Ireland, sanapite ku ntchito tsiku limenelo, ndiye anaimba pa foni yaikulu ya Hawa, mayi wa saluni, kuti amayi ake aone mzinda wa Limerick. Anayenda nawo pa vidiyo mzinda wonse. Anaonetsa chinyumba cha mfumu cha miyala yokhayokha, chimene akuti chaima m'mbali mwa mtsinje zaka mazana asanu ndi atatu. Anaonetsa tchalitchi chakuda ndi ukalamba, mlatho wautali, ndi chimwala china chokwezedwa pamwamba ngati munthu wolemekezeka. Amayi omangitsa tsitsi ankangoti, "Eee, koma kunjaku!" Estele sankaona miyalayo. Ankaona masaya a mwana wake atalowa m'kati.

"Ubwera liti, Angella?"

"Amayi, mapepala anga atsala pang'ono kutuluka. Mwina ndingokhazikika konkuno."

Zaka zisanu ndi ziwiri osamukhudza ngakhale dzanja. Estele anabweza foni kwa mwini wake.

Tsopano nkhungu inali itameza phiri lonse. Tiyi uku, tiyi uko, kamvula kowaza kakulowa m'khosi. Njira yachidule inkadutsa pa nyumba yakale ya ansembe, imene denga lake linagwa kalekale, kenako n'kutsikira pa kamlatho ka matabwa. Masiku ena akanazungulira kumsewu waukulu. Tsiku limeneli analibe mphamvu ngakhale yoopera.

Atangoipitirira nyumbayo anamva nsapato m'matope kumbuyo kwake.

Tchwa... tchwa... tchwa...

Anaima. Nazo zinaima.

Munthu wina anamupatsa moni m'Chilomwe chakale, chija ankayankhula agogo ake aamuna. Anali mkulu wamfupi, wovala chipewa ndi chikhothi chachitali chofika m'akakolo. Chikhothicho chinkadontha madzi ngati wangovuuka mumtsinje.

"Tiyendere limodzi, mayi. Ndatopa."

"Tonse tatopa, bambo," anayankha Estele, mtima ukubwerera m'malo. Nkhalamba yotere ingamuchite chiyani?

Anayenda kamtunda pang'ono. Kenako mkuluyo anakhosomola.

"Mwachiona chinyumba cha mfumu chija? Makwerero ake ndi opapatiza. Ndinkakwera nditanyamula ambulera ya abambo mfumu."

Estele anamuyang'ana cham'mbali. Mu saluni muja munalibe mwamuna.

"Mtsinje uja umaphwa n'kudzazanso, tsiku lililonse," anapitiriza. "Ndinkaima pa mlatho Lamlungu, kufunafuna phiri. Kulibe phiri langa kumeneko. Ansembe anati zaka ziwiri zokha, Anthony, ukatiphikire zaka ziwiri zokha."

Mphepo yochokera mbali ya mkuluyo sinali ya chiperoni. Inkaluma mafupa. Estele anayesa kufulumira. Mkuluyo sanatsale, komanso sankaoneka kuti akuthamanga.

Anafika pa kamlatho. Matabwa analira ndi mapazi a Estele. Gu, gu, gu.

Ake okha.

Anayang'ana pansi. Chikhothi chinalipo. Chinkakhwekhwereza pamwamba pa matabwa... koma nsapato zija sanazione!

"Mwana wanu sanakuonetseni zonse," mawuwo anali pakhutu pake penipeni. "Kumtunda kwa mlatho kuli katchalitchi ka chipata chobiriwira. Kuseri kwake, pafupi ndi mpanda. Mumuuze akazuleko udzu."

Estele anayesa kupemphera. Pemphero linakana kutuluka.

"Ndipo asachedwe ngati ine. Dothi la kumeneko n'lozizira, mayi."

Zala zinamugwira pamkono. Zozizira. Zonyowa.

"N'lozizira!"

Anatembenuka. Nkhungu yokha... ndi madzi akulira pansi pa mlatho.

"Mayo ine!"

Anathamanga. Patapata imodzi inatsala m'matope. Anagwa, anadzuka, anagwanso, mpaka anaona nyali za kumakomboni. Anatseka chitseko ndi mtondo, n'kukhala pansi ndi zovala zonyowa mpaka tambala. Mkono uja sunafunde ngakhale anauyandikiza ku moto.

Masiku atatu anathyola tiyi osauza munthu. Lamlungu, atatuluka m'tchalitchi, anabwerera kwa Hawa dzuwa lili pamutu, n'kupempha kuti amuimbire Angella.

Angella anayamba waseka. "Amayi, mwatopa chabe. Mumagwira ntchito mopitirira muyeso."

"Katchalitchi ka chipata chobiriwira kaliko kapena kulibe?"

Kuseka kunatha. "Kaliko. Ndimadutsapo popita ku ntchito. Koma ine sindinakuonetseni kameneko."

"Pita."

Anadikira. Foni italiranso, chithunzi chinkagwedera, ndipo ankamva kupuma kwa Angella ndi mvula ikugunda pa ambulera. Chipata chobiriwira chinatseguka. Manda a ansembe anali pamzere, oyera, ena ali ndi maluwa. Angella anawapitirira, n'kuzungulira kuseri. Kumeneko udzu unafika m'mawondo. Pafupi ndi mpanda panali kamwala kakang'ono kopendekeka. Anakapukuta ndi dzanja.

"Amayi..."

"Werenga."

"Anthony Mukhwapa. Wa ku Mulanje, Malawi. Wophika wokhulupirika. Anamwalira mu 1984."

Chipeso chinagwa m'manja mwa Hawa. Anakhala pa mpando wa makasitomala, atagwira pakamwa.

"A Mukhwapa, ophikira ansembe! Anakwera nawo galimoto ine ndili kamtsikana, tonse tikuwathamangira. Anthu ankati anakwatira mzungu, anaiwala kwawo. Amayi awo ankakhala pamsewu uwu Loweruka lililonse, kuyang'ana basi, mpaka anachita khungu."

Estele anagwira foni ndi manja awiri. Chithunzi chinali chitagwera cham'mbali, chifukwa Angella anali ataitsamiritsa pa mpanda. Ankangooneka msana wake. Anali atagwada m'matope, ambulera ataitaya poteropo, akuzula udzu ndi manja, mapewa akunjenjemera.

"Palibe anabwerapo pano, Amayi," anatero osatembenuka. "Palibe ngakhale mmodzi."